Kodi kumwamba sitizatopa kuimba?

Wa ku Chawama: Abale, dzulo usiku magetsi atapita ndinawerenga Chivumbulutso 4 ndi kandulo, zamoyo zinayi zija zikuti Woyera, Woyera, Woyera usana ndi usiku osapuma, manje ine kwaya ikangopitirira ola miyendo imawawa, kumwamba tizakwanitsa bwanji?

Amayi a ku Matero: Mwanawanga, thupi ili ndi lomwe limatopa. Akulu 24 aja palibe amawakakamiza, akaona mpando wachifumu amagwa okha nkuponya akorona awo pansi.

Wa ku Mtendere: Zoona amayi. Ine Yesaya 6 imandigwira mtima, aserafi mapiko 6 koma awiri aphimba nkhope, ngakhale iwo sangamuyang'ane Yehova.

Wa ku Chawama: Zikomo, ndikaiwerenga lero.