Kodi mowa wa anthu akale unkasiyana bwanji ndi wa masiku ano?

Funso:
Akuluakulu, ndinawerenga kuti anthu a ku Mesopotamia (dera limene lero kuli dziko la Iraq) ankamwa mowa ndi mabango ataliatali atazungulira mtsuko umodzi. Kodi ankathiramo chiyani kuti azimwa motero, nanga zinthuzo zikusiyana pati ndi zimene ofulula mowa amagwiritsa ntchito lero?

Yankho loyamba:
Bangolo linkagwira ntchito ya sefa, popeza mowa wawo unali wosasefa, mankhusu ankayandama pamwamba ndipo masese ankadikha pansi. Chimera cha balere chinalipo monga lero, koma Asumeri, anthu akale a ku Mesopotamiyako, ankawonjezeranso mtanda wotchedwa bappir, umene ukutchulidwa m'nyimbo yotamanda Ninkasi, mulungu wawo wa mowa, ya cha m'ma 1800 BC. Aigupto ankaphatikiza balere ndi tirigu wa mtundu wa emmer. Ku Jiahu, m'dziko la China, mbiya za zaka pafupifupi 9,000 zinapezeka ndi zotsalira za chakumwa cha mpunga, uchi ndi zipatso, chimene ngakhale lero n'chovuta kunena ngati chinali mowa kapena vinyo.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezereko kuti onsewa analibe hops, maluwa a chomera choyanga amene amapatsa mowa kuwawa ndi kuuthandiza kuti usasase msanga. Ku Ulaya ankathira msanganizo wa zitsamba wotchedwa gruit, ndipo zolemba zosonyeza hops m'ntchito yofulula mowa zikupezeka m'chaka cha 822 ku nyumba ya amonke ya Corbie, ku France. Lamulo la ku Bavaria, ku Germany, la mu 1516 linaloleza madzi, balere ndi hops basi.

Yankho lachitatu:
Zimene mwanenazo n'zoona, koma kwa ine kusiyana kwenikweni kuli pa yisiti, imene lamulo la 1516 silinaitchule n'komwe. Akale sankadziwa chimene chimawiritsa mowa, choncho ankadalira yisiti yopezeka mumpweya, pamakoko a zipatso ndi m'ming'alu ya mbiya yofululiramo kale, ndipo limodzi ndi yisitiyo munkalowanso mabakiteriya owawasitsa, n'chifukwa chake mowa wa mbiya iyi sunkafanana ndi wa mbiya inayo ndipo unkafunika kumwedwa msanga. Wasayansi wa ku France, Louis Pasteur, ndiye anasonyeza kuti tizamoyo ndi timene timawiritsa, kenako mu 1883 Emil Christian Hansen wa ku kampani yofulula mowa ya Carlsberg, ku Denmark, anapatula yisiti ya mtundu umodzi n'kuichulukitsa payokha. Kuyambira pamenepo wofulula amasankha yekha yisiti yoti athire.