Makina oona golide pansi alikodi? Kwathu atsala pang'ono kugulitsa njinga ya kabaza

Membala wobisa dzina

Abale anga a m'gulu muno, makamaka inu odziwa za migodi, ndithandizeni nzeru. A Admin, dzina langa libisike chonde, achibale ambiri ali momwemuno.

Kwathu ndi kumtunda, mbali ya Namwera, koma ine ndimakhala pa boma pano, ndimagulitsa zovala. Pamunda wa malemu agogo athu aakazi pamadutsa kamtsinje kamene kamaphwa mu Okutobala, ndipo m'mbali mwake muli mzere wa mwala woyera wolimba, uja khasu likaugunda limathetheka moto. Chaka chatha anyamata apamudzi anayamba kusefa mchenga wa m'kamtsinjeko m'mabeseni. Pansi pa beseni pamatsala mchenga wakuda bii, ndipo nthawi zina timadontho tachikasu toti kuti utione mpaka upendeketse beseni padzuwa.

Tsono kwabwera bambo wina, akuti ndi katswiri woyeza pansi. Makina ake ndi kabokosi ka chogwirira, kutsogolo kuli tinyanga tiwiri tozungulira tokha. Anayenda nako pamunda, tinyangato tinaloza kuchulu, iye n'kunena kuti pa mamita 12 pali golide wa makilogalamu angapo. Akufuna K1,800,000 kuti ayeze munda wonse ndi kutilembera pepala loti tikatengere laisensi, akuti ndi pepalalo ma investor azichita kutilimbirana. Amalume, amene ndi eni mbumba, avomera kale. Akuti mlongo wanga agulitse njinga yamoto yomwe amapangira kabaza, ine ndiwonjezere pa mpamba wanga.

Kodi makina oona golide pansi alikodi? Nanga ndege ya Kauniuni ija, yomwe inkauluka kuyeza miyala ya pansi m'dziko muno, zomwe inapeza pamunda pathu tingazione kuti? Komanso amfumu anatilembera kalata yodinda, ndi yokwanira kuti tiyambe kukumba?

Che Malinga

Tinyanga tozungulira tokha? Achemwali, njingayo kaisungitseni kwa aneba mpaka bamboyo akwere basi 😂

Bless K.

Anthu a nsanje ayamba. Makina amenewo amagwira ntchito, ku Mozambique anthu alemera nawo. Mukachedwa ena akulandani malowo.

Yusufu wa Miyala

Achemwali, ine ndinaphunzira za miyala ndipo ntchito yoyeza pansiyi ndaigwirapo ndi makampani ofufuza. Palibe makina amene munthu angaime nawo pamwamba n'kunena kuti pa mamita 12 pali makilogalamu akutiakuti a golide. Kuno kulibe, ku Johannesburg kulibe, ku Australia kulibe. Akanakhalako, makampani ali ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Kasiya ku Lilongwe aja sakanatha zaka akuboola maenje mazanamazana n'kumatumiza dothi ku labu. Tinyanga mwaonato timatembenuka chifukwa dzanja la mwiniwake lapendekeka pang'ono, basi.

Kuyeza kwenikweni kulipo, koma chomwe makina amaona ndi kusiyana kwa miyala, golideyo ayi. Tengani magnetometer. Imayeza mphamvu ya maginito. Munthu amayenda nayo m'mizere yowongoka, n'kumaima pa mamita 5 kapena 10 alionse, GPS ikulemba malo. Mwala wokhala ndi magnetite, chitsulo chakuda chomatirira ku maginito, umakweza manambala, pomwe mwala woyera wanuwo, timautcha quartz, ulibe maginito. Ntchito ikatha pamatuluka mapu osonyeza pamene miyala yasinthana ndi pamene thanthwe linang'ambika kalekale. Golide amakondadi kukhala m'ming'alu yotereyo, koma ming'alu yambiri imakhala yopanda kanthu. Mapuwo amangokuuzani pokayambira kukumba, kuti musamangobaya paliponse.

Woyeza weniweni mumudziwa ndi izi. Amasiya makina achiwiri atakhazikika pamalo amodzi tsiku lonse, chifukwa maginito a dziko lapansi amasinthasintha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo osachotsera kusinthako manambala amanama. Amavula lamba wa chitsulo, foni ndi makiyi amasiya kutali, malata ndi mawaya a magetsi amawalambalala. Bambo wanuyo anayenda foni ili m'thumba?

Mumufunse mafunso awa pamaso pa amalume: makinawa dzina lake n'chiyani ndipo amayeza chiyani, mizere idzatalikirana bwanji, manambala onse ndi malo ake a GPS adzatisiyira, ndipo lipoti la ntchito ina yomwe anagwirapo lili kuti. Mudzatiuze zomwe ayankhe.

Membala wobisa dzina

Foni inali kukhutu, achimwene, ankayankhula ndi munthu kwinaku akuyeza. Nanga za Kauniuni zija?

Yusufu wa Miyala

Ndege za Kauniuni zinauluka mu 2013 ndi 2014, zotsatira boma linazitulutsa mu 2015. Ntchitoyo inagwiridwa ndi kampani ya ku Canada, Sander Geophysics, ndalama zinachokera ku World Bank ndi European Union. Ankayeza maginito komanso mphamvu yotuluka mu potassium, thorium ndi uranium, ndipo madera ena anayezanso gravity, mphamvu yokokera zinthu pansi ija. Koma mizere yomwe ndege inkatsata inali yotalikirana mamita 250. Munda wanu wonse ukhoza kukhala pakati pa mizere iwiri. Kufuna mtsempha wa mwala wa mita imodzi pa mapu amenewo n'chimodzimodzi kuwedza usipa ndi ukonde wa chambo.

Sikuti ndi opanda ntchito. Akhoza kusonyeza ngati dera lanu lonse lakhala pa mng'alu waukulu kapena pamalire a miyala iwiri, ndipo wodziwa kuwerenga mapu angakuuzeni ngati malowo ndi oyenera kuwatayira ndalama. Amasungidwa ku Geological Survey Department ku Zomba. Kumeneko kulinso mapu a miyala a dera lililonse ndi malipoti akale.

Anganga a Mijigo

Ine ndakalamba ndi ntchito yoboola mijigo m'boma lino, kuyambira ku Chilipa mpaka ku Katuli. Makina omwe timayezera madzi, a resistivity aja, ndi omwewo amagwiritsanso a migodi. Timakhoma zitsulo zinayi pamzere, ziwiri zakunja zimalowetsa magetsi pansi, ziwiri zamkati zimawerenga. Nthawi yachilimwe dothi likauma gwa, timachita kuthira madzi pazitsulopo kuti magetsi alowe. Dongo lonyowa magetsi amadutsa mosavuta, thanthwe louma amavutika. Ndiye pakamtsinje kanuko makinawa angakuuzeni kuti mchenga ndi miyala yokokoloka zatha pa mamita angati, thanthwe layambira pati. Golide wa mumtsinje ndi wolemera, amamira mpaka kukakhala pamwamba pa thanthwe pomwepo. Zothandiza zake n'zimenezo. Koma mwana wanga, ngakhale madzi enieniwo, omwe ndi ambiri kuposa golide, timatha kuyeza bwinobwino n'kuboola mjigo wouma. Ndiye wina aziti waona makilogalamu?

Mai a Shukurani

Ine langa ndi la munda. Mundawo ndi wa mbumba, ndiye kuti wa amayi anu, alongo awo aakazi ndi inu ana. Amalume ndi oyang'anira chabe. Pepala lililonse lomwe bamboyo abweretse musasaine musanawerenge mpaka pansi. Ena amabwera ngati oyeza, mawa ukumva kuti ndi ma shareholder.

Dalitso Gems

Amene muli ndi miyala kapena gold ndipezeni ku inbox, cash pompopompo.

Admin

Dalitso, malonda si pano. Kachiwiri tikuchotsani.

J. Wadi

Pa kalata ya amfumu: ndi yofunika kuti pamudzi pasakhale mkangano, koma si laisensi. Malamulo a dziko lino amati miyala yonse ya pansi ndi ya dziko, ngakhale munda uli wanu. Lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi Mines and Minerals Act ya 2023, ndipo zilolezo zimadzera ku Mining and Minerals Regulatory Authority. Ilipo laisensi ya migodi ing'onoing'ono yomwe Amalawi amafunsira. Pepala la bambo wa tinyanga silikutsegulirani khomo lililonse kumeneko.

Musanataye ndi tambala yomwe, onani kaye pa intaneti mapu a mining cadastre, osonyeza malo omwe anaperekedwa kale malaisensi. Mwina dera lanu lonse lili kale m'kati mwa laisensi yofufuzira ya kampani ina, eni minda osadziwa. Onetsetsaninso malire a nkhalango. Namizimu ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo tonse tikukumbuka mu 2018 asilikali atapita kukathamangitsa okumba mmenemo. Golide mukamupezadi, njira yovomerezeka ilipo: kuyambira 2021 Reserve Bank yakhala ikugula kudzera ku Export Development Fund.

Mnyamata wa ku Makanjira

Asisi, mverani akulu akulembawa. Ife zinationekera. Tinasonkhana anthu a banja limodzi, tinagulitsa mbuzi ndi injini ya boti, n'kupatsa munthu wa makina ngati amenewo. Anakhoma chikhomo, akuti kumbani apa. Tinakumba mpaka tinapeza madzi, tinabwereka pampu, tinakumbabe. Golide ndi kadontho komwe. Titamuimbira anati golide wathawa chifukwa mmodzi wa ife sanasunge mwambo, anagona kunyumba kwa mkazi wake. Tinayambana pachibale mwezi wathunthu kufufuza amene anaphwanya mwambo, mwiniwake nambala atazimitsa kalekale. Dzenjelo likadalipo, chaka chatha munagwera mbuzi ya aneba, tinalipanso.

Bless K.

Koma mchenga wakudawo ndi ndalama, si omwewo aku China akufuna ku Makanjira?

Yusufu wa Miyala

Mchenga wa m'mbali mwa nyanja ku Makanjira uli ndi ilmenite ndi zircon, n'zoona. Koma malonda ake amawerengera matani mamiliyoni, si mabeseni. Wa achemwaliwu mwina ndi magnetite yambiri. Umitsani pang'ono, mutenge maginito a sipika yakufa muwakulunge m'jumbo, mudutsitse pamwamba. Womatirirawo ndi magnetite. Umatsalira m'beseni chifukwa nawonso ndi wolemera, n'chifukwa chake umayenda limodzi ndi golide, koma kupezeka kwake sikutanthauza kuti golide alipo.

Timadontho tachikasuto n'tomwe ndikufuna mutiyese. Ikani kamodzi pa chitsulo, mukakanikize ndi nsonga ya singano kapena mpeni. Golide amaphwatalala osasweka. Koma pali miyala ina yonyezimira ngati golide, pyrite ndi mica. Pyrite imanyenyeka kusanduka ufa wakuda. Mica imasendeka timapepala topyapyala, ndipo m'beseni imayandama n'kumang'anima mbali imodzi yokha ukaitembenuza. Golide amaposa madzi kulemera ka 19, mwala woyera uja sufika n'katatu komwe, ndiye iye amakakamira pansi penipeni pa beseni, mtundu wake susintha kaya padzuwa kaya pamthunzi.

Hajira S.

Ndikutsatira, kwathu ku Malindi nawonso kwabwera wina wotere.

Membala wobisa dzina

Ndabweranso. Mafunso aja ndinamufunsa pa foni, amalume akumva. Dzina la makina akuti ndi chinsinsi cha kampani. Za manambala akuti makina ake salemba, amangosonyeza. Nditafunsa lipoti anakwiya, akuti ntchito za amuna mkazi asalowerere, koma madzulo anaimbanso yekha kuti watsitsa kufika K900,000 bola tipereke sabata ino. Amalume sakundiyankhula, akuti ndaika mchenga m'nsima ya banja. Njinga sinagulitsidwe, mlongo wanga wanena kuti makiyi sapereka.

Timadontho tija mlongo wanga wayesa ndi singano. Tambiri tasendeka, koma tiwiri taphwatalala. Ndiye titani tsopano? Mtima wanga wayambanso kuthamanga.

Yusufu wa Miyala

Tiwirito tikhoza kukhaladi golide, koma mitsinje yambiri ili ndi golide wa timadontho wosakwana kulipira ndi ganyu yemwe. Chofunika kudziwa ndi magalamu angati pa tani imodzi, komanso akuchokera kuti.

Yambani ndi zosadula. Anyamatawo asefe mokwera mtsinje, malo ndi malo, muyeso wake umodzimodzi, tinene ndowa imodzi ya malita 20 pa malo alionse, wotengedwa pansi pafupi ndi thanthwe. Azilemba m'kope timadontho tingati tapezeka, ndi malo ake pa GPS ya foni. Pamene timadontho tachuluka kenako n'kutha mwadzidzidzi mukapitirira, gwero lili chapafupi pamenepo. Ngati pakugwirizana ndi mzere wa mwala woyera uja, gumulani zidutswa modutsa m'lifupi mwake monse, musasankhe zokongola zokha, makamaka tengani pomwe pali dzimbiri lofiirira ndi timabowo. Thumba lililonse makilogalamu awiri, nambala yake kunja, kapepala kena m'kati. Mwala wa thumba lina usasakanikirane ndi lina.

Zimenezo mupite nazo ku Zomba pamodzi ndi manambala a GPS, akakuonereni pa mapu ndi kukuuzani koyezetsa. Zotsatira za labu zikakhala zabwino, laisensi ili m'manja, pamenepo ndi pomwe magnetometer kapena resistivity imakhala ndi phindu, kutsata mtsemphawo pomwe wakwiririka ndi dothi. Maenje akuya m'mbali mwa mtsinje asakumbe, mchenga wonyowa umagumuka osachenjeza. Wina akabwera ndi mercury mumubweze, madzi omwewo ndi omwe mukumwa.

Mai a Shukurani

Amalumewo musawasiye m'mbuyo. Apatseni kope lija azisunga ndi iwo, ndipo ku Zomba mupite nawo akamve okha. Akulu safuna kuoneka kuti agonja kwa mwana wa mlongo wawo.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. Ku Zombako ofesi yake ili chakuti? Ndisakasochere ndi matumba a miyala kumutu.

Che Malinga

Mukatsika minibasi mungouza wa kabaza kuti ku Geological Survey, amakudziwa. Koma matumbawo mukambirane mtengo musanakweze.