Thandizeni, ntchito ya kusukulu yandiimitsa mutu

Wosagona: Abale anga, tapatsidwa ntchito ya pagulu yofotokoza chifukwa chimene kupululidwa kwa mitundu ina kumakumbukika kuposa kwa ina. Tilipo anayi koma wolemba ndine ndekha. Wina amangotumiza tizithunzi toseketsa pa WhatsApp, wina akuti foni inagwera m'madzi. Laputopu nayo ikungozima yokha. Ndiyambire pati?

Mkulu wa Mbiri: Mwana wanga, nkhani ndi mphamvu basi! Za Ayuda 6 miliyoni amene chipani cha Nazi chinapha aliyense akuzidziwa. Koma Germany yomweyo inapulula Aherero ndi Anama ku Namibia kuyambira 1904 mpaka 1908. Mkulu wa asilikali ake, Lothar von Trotha, anathamangitsira Aherero m'chipululu cha Omaheke kuti akafe ndi ludzu. Germany kuvomera kwake mu 2021! Munaphunzira zimenezi m'kalasi inu?

Mayi Wodekha: Bambo, si mphamvu zokha. Germany inagonja mu 1945, zikalata zake zinagwidwa, milandu inazengedwa ku Nuremberg. Turkey mpaka lero imakana kuti zimene zinachitikira anthu a mtundu wa Armenia m'dzikolo mu 1915 kunali kupulula mtundu. Pamene wolakwa akukana, kukumbukira kumavuta.

Mkulu wa Mbiri: Mayi, mukungondivomereza mosadziwa. Nanga Rwanda mu 1994? Anthu pafupifupi 800,000 m'masiku 100, United Nations n'kuchotsako asilikali ake ambiri anthu akuphedwa!

Mayi Wodekha: Komatu Rwanda imakumbukika, chaka chilichonse pa 7 April. Amene anathetsa kuphanako ndi amene akulamulira, ndiye anamanga zikumbutso. Funsani za Ahutu amene anaphedwa ku Burundi mu 1972, muone ngati wina ayankhe.

Wakale Wake: Za ntchito za pagulu musandiuze. Ine ndinalemba ndekha usiku wonse, malikesi tinagawana mofanana ndi munthu amene sindinamuonepo nkhope.

Wanthabwala: Foni yogwera m'madzi ija ikulowa bwanji pa Facebook? Kkkk

Mkulu wa Mbiri: Anthu afa, inu mukuseka? Achinyamata a lero! Cambodia mukuidziwa? Ulamuliro wa Pol Pot unapulula anthu kumeneko, 1975 mpaka 1979!

Mphunzitsi Wina: Sankhani zochitika ziwiri zokha, mufanizire zinthu monga milandu ya kukhoti, umboni wa opulumuka ndi maganizo a boma lolamulira. Koma funso lenileni likuti chiyani? Muli kusekondale kapena kukoleji, ndipo mupereka liti?

Wosagona: Zikomo nonse. Laputopu ija yazimanso, ndipo wa foni uja akuti dzina lake likhale loyamba pa pepala.

Mkulu wa Mbiri: Ndisanaiwale, mulembeponso za nkhanza za Leopold II, mfumu ya Belgium, ku Congo.