Kodi wailesi ya m'dera imapeza bwanji uthenga wa ngozi, ndipo imauulutsa liti?

Wongoyamba Kumene analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito m'nyumba zing'onozing'ono zofalitsa nkhani, monga wailesi ya m'dera kapena tsamba la pa intaneti lolemba nkhani za dera limodzi. Pakagwa ngozi yadzidzidzi, kaya ndi madzi osefukira, moto, mphepo yamkuntho kapena mliri, kodi uthenga woyamba mumautenga kwa ndani, ndipo mumadikira mpaka liti musanauulutse? Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti amene amayamba kuimba foni nthawi zambiri ndi omvera wamba, pamene akuluakulu a boma amachedwa kuyankha. Mukadikira chitsimikizo, anthu akhoza kuvulala chenjezo lisanawafike, koma mukafulumira mukhoza kufalitsa mphekesera. Ndikufunanso kudziwa zimene mumachita magetsi akazima, netiweki ya mafoni n'kusokonekera.

Mkonzi Wakale anayankha:

A Wongoyamba, ntchito yaikulu imagwiridwa ngozi isanagwe. Wailesi yokonzeka imakhala ndi mndandanda wa manambala a foni za m'manja a anthu amene ali pantchito usana ndi usiku kupolisi, kuchipatala, kwa ozimitsa moto, kunthambi yoona zanyengo, kukampani ya magetsi ndi ya madzi, ndiponso kukomiti yoona za ngozi m'deralo. Nambala ya pa ofesi sithandiza kwenikweni, chifukwa mtsinje ukhoza kusefukira pakati pa usiku maofesi onse ali otseka. Mndandandawo ulembedwe papepala n'kupachikidwa mu situdiyo, ndipo uziunikidwa kawirikawiri poti anthu amasamutsidwa pantchito.

Kupatula akuluakuluwo, mumafunika anthu odalirika m'mbali zonse za dera lanu amene munadziwana nawo kale, monga mphunzitsi, wazaumoyo, dalaivala woyenda msewu umodzimodzi tsiku ndi tsiku, kapena munthu wokhala pafupi ndi mlatho. Womvera wachilendo akaimba kunena kuti mlatho wakokoloka, mumufunse ngati waona ndi maso ake kapena wangomva, kumene waima pamene akulankhula nanu, ndi nthawi imene zachitika. Mukatero muimbire munthu wanu wa kumeneko. Musanyengeke ndi kuchuluka kwa mafoni, pakuti anthu khumi amene onse amva kwa munthu mmodzi akadali mboni imodzi yokha.

Pa nkhani ya kudikira, maganizo anga ndi akuti si uthenga wonse umafuna chitsimikizo chofanana. Dzifunseni kuti chingaonongeke n'chiyani uthengawo ukapezeka wabodza. Kuuza oyendetsa galimoto kuti ayambe apewa mlatho wina chifukwa pali malipoti osatsimikizika akuti wagumuka kungangowachedwetsa paulendo, choncho zimenezo mukhoza kuulutsa msanga, bola munene momveka kuti mwamva kwa omvera ndipo mukufufuzabe. Koma chiwerengero cha anthu omwalira, mayina awo, chimene chayambitsa moto, ngakhalenso lamulo lakuti anthu asamuke m'nyumba zawo, zimenezi zimadikira mawu a amene ali ndi udindo wozinena. Mtolankhani amene amapenekera chiwerengero cha maliro kuti aoneke wachangu kuposa anzake amaononga dzina la wailesi yonse, ndipo tsiku limene adzaulutse chenjezo lenileni anthu adzayamba akayikira.

Wamakina Pasitudiyo anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mkonzi, ndipo ndingowonjezera za kakonzedwe ka uthengawo, poti nkhani yoona imene yanenedwa mosokonekera imasocheretsanso anthu. Chenjezo labwino limatchula chimene chachitika, malo enieni okhudzidwa potchula mayina amene anthu akumeneko amagwiritsa ntchito, chimene womvera achite, amene wapereka uthengawo, ndi nthawi imene waperekedwa. Pali ndondomeko ya mayiko onse yolembera machenjezo yotchedwa Common Alerting Protocol, imene ITU, bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi njira zotumizira mauthenga, linaivomereza mu 2007, ndipo nthambi zambiri zoona zanyengo zimaitsatira. Ndondomekoyi imasiyanitsa zinthu zitatu zimene atolankhani amakonda kuziphatikiza: kufulumira kwa ngoziyo, kukula kwake, ndi kutsimikizika kwake. Namondwe akhoza kukhala woopsa kwambiri koma n'kukhala kuti afika pakapita masiku awiri, pamene moto wa m'nyumba imodzi ndi waung'ono koma ukuyaka pompano.

Nthawi isamaiwalike pa uthenga uliwonse wolembedwa. Chenjezo la m'mawa limayendabe m'mafoni mpaka madzulo, ndipo popanda tsiku ndi ola anthu amaliwerenga ngati latsopano. Pawailesi uthenga uzibwerezedwa pafupipafupi m'zilankhulo zonse za m'deralo, chifukwa omvera satsegula wailesi nthawi imodzi.

Mukonzekerenso kubweza mawu. Pa 13 Januwale 2018, anthu a ku Hawaii m'dziko la America analandira pa mafoni awo chenjezo lakuti kukubwera mzinga wankhondo, ndipo panadutsa mphindi 38 uthenga wina usanatumizidwe pa mafoni omwewo wonena kuti chenjezolo linali lolakwika. Ngati nthambi ya boma ikhoza kuphonya chotero, wailesi yaing'ono ikhale ndi mawu okonzeratu otsutsira uthenga wolakwika, ndipo awatumize kudzera m'njira zonse zimene uthenga woyambawo unadutsa.

Mtolankhani Woyendayenda anayankha:

Ine ndikusiyana pang'ono ndi a Mkonzi pa kuulutsa malipoti osatsimikizika. Pawailesi zimatheka, chifukwa muulutsi amanena yekha kuti nkhaniyo ikufufuzidwa ndipo amabweranso pakapita mphindi zochepa. Pa WhatsApp ndi pa Facebook mawu ochenjezawo amadulidwa, n'kutsala chiganizo choopsa chokhacho chimene anthu amatumizirana. Eni ake a WhatsApp anachita kuika malire mu Januwale 2019 akuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo mu Epulo 2020 anachepetsanso kufika pa mmodzi kwa mauthenga amene ayenda kwambiri. Choncho ndimalangiza kuti pa masamba amenewa muzilemba zotsimikizika zokha. Zithunzi zotumizidwa ndi omvera muziyamba mwazifufuza ndi Google Lens kapena TinEye, zida za pa intaneti zosonyeza kumene chithunzi chinaonekerapo kale, poti chithunzi cha madzi osefukira a m'dziko lina zaka zapitazo chimatulukanso mvula ikangogwa mwamphamvu.

Za magetsi, mukhale ndi jenereta yokhala ndi mafuta ake osungidwa padera, kapena mabatire otchajidwa ndi sola, osati ku situdiyo kokha komanso kumlongoti wotumizira mawu, umene ambiri amauiwala. Chivomezi cha pa 12 Januwale 2010 chitagwetsa nyumba zambiri ku Port-au-Prince m'dziko la Haiti, wailesi ya Signal FM inapitiriza kuulutsa, ndipo anthu ankapita okha ku situdiyo kukalengeza za abale awo osowa ndi za malo amene anthu anapanikizika. Ku Japan, madzi a tsunami ya pa 11 Malichi 2011 ataononga makina osindikizira a nyuzipepala ya Ishinomaki Hibi Shimbun, atolankhani ake analemba nkhani pamanja pa mapepala akuluakulu n'kumazimata m'malo amene anthu anathawirako, ndipo anachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi. Zonse zikakanika, galimoto kapena njinga yokhala ndi chimkuzamawu imafikabe kumene netiweki yafa.

Wongoyamba Kumene analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Chitsanzo cha ku Haiti chandipatsa funso lina: kodi mayina a anthu osowa tingawalengeze popanda kudikira apolisi, poti a Mkonzi anati mayina amadikira?

Mkonzi Wakale anayankha:

Ndimanena mayina a omwalira, amene salengezedwa achibale asanauzidwe ndi apolisi kapena achipatala. Dzina la munthu wosowa mukhoza kulilengeza ngati wapempha ndi wachibale amene mwalemba dzina lake ndi nambala yake m'kaundula wa pa situdiyo. Pouza omvera kumene angapereke uthenga, tchulani nambala ya wailesi kapena ya apolisi osati ya banjalo, chifukwa pali anthu achinyengo amene amaimbira mabanja otere n'kumafuna ndalama ponama kuti amupeza munthuyo. Ngati wosowayo ndi mwana, musatchule kumene amakhala. Mndandanda wa anthu osowawo muzigawana ndi apolisi komanso a Red Cross, amene ali ndi ntchito yolumikizanitsa mabanja osiyana pa ngozi, ndipo munthu akapezeka mulengezenso n'kufufuta dzina lake kuti anthu asapitirize kumufunafuna.