Kusunga chimanga mpaka Febuluwale, kodi n'kusadalira Mulungu?

Mlimi wa ku Dowa:
Abale mwa Ambuye, ndithandizeni. Pa Mateyu 6:34 Yesu akuti tisadere nkhawa za mawa, ndipo pa Luka 12 amene anamanga nkhokwe zazikulu akutchedwa wopusa. Ndiye Mkhristu wotsekera matumba m'nyumba akuchimwa?

Mkulu wa mpingo:
Ayi achimwene. Werenganinso Luka 12:16-21, mumve pakamwa pa wachuma uja: nkhokwe zanga, dzinthu zanga, moyo wanga. Mulungu sakumutchula, mnansi sakumukumbukira. Cholakwa chili pamenepo. Yosefe ku Igupto anasunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka 7 (Genesis 41), mpaka a m'mayiko ena anapulumukira pomwepo.

Mayi wa chigwirizano:
Zoona abambo. Ndipo kusunga kumafuna luso, chifukwa kusiyira anankafumbwe chimene Mulungu wapereka si chikhulupiriro. Yambani mwawerenga matumba a makilogalamu 50 amene banja linadya chaka chatha, muonjezepo limodzi kapena awiri a alendo ndi maliro. Kenako patulani cha masika ku tchalitchi ndi cha osowa. Chotsalacho ndiye chogulitsa.

Chimanga chiume kaye. Thirani njere pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani. Mchere ukamatirira m'mbali, yanikaninso, apo ayi chichita nkhungu. Mukagwiritsa ntchito matumba a PICS (matumba osalowa mpweya, okhala ndi matumba awiri apulasitiki m'kati mwa thumba lakunja), finyani mpweya ndipo mangani thumba lililonse mwa atatuwo palokha. Sanjikani pa matabwa, kutali ndi khoma. Khoswe akangoboola, mpweya umalowa ndipo tizilombo timadzukanso.

Vuto lalikulu n'kugulitsa chonse kwa mavenda mu Meyi chili chotchipa, n'kudzagulanso mu Januwale chitakwera mtengo.

Mphunzitsi wa Sande sukulu:
Amayi mwafotokoza bwino, koma tchimo lenileni limaonekera m'miyezi ya njala. Miyambo 11:26 imati wokaniza tirigu anthu amamutemberera. Ena amakongoza thumba limodzi mu Januwale kuti adzabwezeredwe awiri pokolola. Ameneyo ndi katapila, ndipo Levitiko 25:35-37 akuletsa kulandira chiwongoladzanja pa chakudya chimene wakongoza m'bale wosauka. Wokongolayo amakolola ali kale ndi ngongole, chaka chamawa amabweranso pakhomo pomwepo. Mukakongoza thumba, mudzalandire thumba. Kwa mayi wamasiye kapena agogo olera ana amasiye, ingopimani ndowa muwapatse osalemba m'buku.