Gulu la banja: zodikirira Bambo aakulu kuchipatala

Achemwali: Mwadzuka bwanji nonse. Pa nkhani ya magazi amene anatayikira m'mutu mwa Bambo aakulu, angiogram ya dzulo, kujambula mitsempha ya magazi, sinaonetse chotupa cha mtsempha (aneurysm). Amayi akufunsa ngati tiyambe kukonzekera zowatulutsa.

Malume: Ayi, tisapupulume. Lipoti la sikani ya mutu (CT) yoyamba likuti magazi ali pati?

Achemwali: Akuti amwazikira mbali zonse ziwiri pansi pa ubongo, mpaka mu Sylvian fissure, mpata wa m'mbali mwa ubongo.

Malume: Ndiye si mtundu wopepuka uja. Mwa anthu 100 amene magazi awatayikira pansi pa nembanemba yokuta ubongo popanda ngozi, pafupifupi 85 amakhala kuti aneurysm yaphulika. Pali mtundu wina, perimesencephalic, umene magazi amangounjikana pang'ono kutsogolo kwa tsinde la ubongo. Amenewo mitsempha siifinyika kawirikawiri ndipo ambiri amachira bwino. Koma magazi akamwazika chonchi, madokotala amamusamala munthu ngati wa aneurysm ngakhale sanaione.

Azakhali: Zoona achimwene. Kachotupako kamatha kubisala: mwina magazi aundana mkati mwake, mwina mtsempha wafinyika. N'chifukwa chake amabwereza angiogram pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Mlamu: Nanga pepala la CT perfusion limene akufuna tisaine? Si zomwezomwezo?

Azakhali: Ayi alamu. Angiogram imaonetsa njira, perfusion imaonetsa ngati magazi akufikadi m'nyama ya ubongo. Amaika kanula wamkulu pamkono, n'kupopa contrast, mankhwala oonetsa magazi pa zithunzi, pafupifupi mamililita 40 mpaka 50 mothamanga, mamililita 4 kapena 5 pa sekondi, makina n'kumajambula mobwerezabwereza kwa mphindi imodzi. Kompyuta imatulutsa mapu. Inu yang'anani ziwiri: MTT, nthawi imene magazi akutenga kudutsa, ndi CBF, kuchuluka kwa magazi oyenda. MTT ikatalika, CBF n'kutsika dera limodzi, ndiye kuti dera limenelo layamba kuperewera magazi. CT wamba imatha kuoneka bwinobwino pa nthawi imeneyo, ndiye phindu lake n'kugwira vuto sitiroko isanakhazikike.

Malume: Chimene chimaononga zithunzi ndi kugwedeza mutu. Contrast ikamalowa thupi limatentha, munthu n'kudzidzimuka. Amene ali nawo tsiku limenelo awachenjezeretu. Komanso ayambe ayeza impso poona creatinine m'magazi, chifukwa contrast imatuluka kudzera mu impso. Amamwa metformin, mankhwala a shuga aja?

Achemwali: Eya amalume, kawiri pa tsiku.

Malume: Muwauze madokotala lero, asanalembe tsiku la sikani. Iwo ndi amene aone ngati aimitse kaye.

Mlamu: Chabwino, ndisaina. Masiku oopsa ndi ati?

Azakhali: Timawerenga kuchokera tsiku limene mutu unawayamba, osati tsiku logonekedwa. Unayamba Lachiwiri, ndiye lero Lachisanu ndi tsiku la 3. Kufinyika kwa mitsempha kumavuta kuyambira tsiku la 4 mpaka la 14, makamaka chakumapeto kwa sabata yoyamba. Mwa odwala a aneurysm, pafupifupi mmodzi mwa atatu amakumana ndi kuperewera kwa magazi kumeneku. Choncho kuyambira mawa pasakhale usiku wopanda gadiyani.

Malume: Wodikirira asamangoti "agona, tiwasiye". Tulo tosazolowereka ndi chizindikiro. Kusokoneza mawu, kukhota pakamwa, mkono kugwa akaukweza, kusazindikira munthu: itanani namwino pomwepo, ndipo lembani ola. Akamayeza liwiro la magazi m'mitsempha ndi makina a Doppler pambali pa mutu, funsani nambala. Kupitirira masentimita 120 pa sekondi ndi chenjezo, kupitirira 200 ndiye kuti mtsempha wafinyika kwambiri.

Azakhali: Nimodipine, mankhwala oteteza ubongo ku kuperewera kwa magazi kumeneku, ndi mamiligalamu 60 maola 4 aliwonse, kwa masiku 21, usiku womwe. Anamwino akadumphitsa, kumbutsani mwaulemu. BP ikatsika madokotala amatha kugawa, 30 pa maola 2, koma ife tisamasinthe tokha. Ndipo asaume thupi. Akakana kumwa, nenani.

Achemwali: Ndamva azakhali. Ine nditenga usiku wa Loweruka ndi Lamlungu. Alamu?

Mlamu: Lolemba mpaka Lachitatu usiku ndi ine. Ndigula kope likhale pambali pa bedi.

Malume: Lachinayi ndi Lachisanu ndilipo. Masana Amayi asakhale okha, Azakhali anu akhala nawo. Ndandanda ya sabata yachiwiri tikonza Lachitatu, tikamva tsiku la angiogram yobwereza.

Achemwali: Ndiwaimbira Amayi tsopano, zowatulutsa ziyambe zaima.