Kudula chasisi ya Beetle kuti ikhale buggy: injini ya 1600 ingapirire kutentha kwa kuno?

Sipanala17:
Akuluakulu, ndapeza VW Beetle yakale. Bodi inatha ndi dzimbiri koma chasisi, giyabokosi ndi injini ya 1600 zili bwino. Ndikufuna kuikapo bodi ya faibagalasi ya mtundu wa buggy, yoyendera mumchenga cha ku Monkey Bay komanso kukwera phiri popita ku Namwera. Chasisi ndidule motalika bwanji, ndipo ndidule pati? Nanga injini yopanda radiyetayi siingapse ndi dzuwa la Okutobala la kuno ku Mangochi?

Wowotcherera_Mpondasi:
Achimwene, musanagwire girayinda yang'anani kaye kutsogolo. Ngati ndi Beetle ya mtundu wa 1302 kapena 1303, zimene zili ndi masipuling'i oimirira, isiyeni, chifukwa masipuling'iwo amagwira pa bodi ndipo bodiyo mukuichotsa. Imene mukufuna ndi ya mapaipi awiri opingasa kutsogolo.

Kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, Beetle ndi mamilimita 2400. Mabodi ambiri otengera Meyers Manx, buggy yotchuka ya mu 1964, amafuna muchotsepo pafupifupi masentimita 36. Koma bodi ibwere kaye, muyeze mabowo ake, ndiye mudule. Chitsulo chikadulidwa sichimera.

Podula ndi kumbuyo kwa handibuleki, kutsogolo kwa nambala ya chasisi imene inadindidwa pamsana wapakati pansi pa mpando wakumbuyo. Nambalayo isakhudzidwe ngakhale pang'ono, apo ayi ku Road Traffic nkhani ya COF ikuvutani. M'kati mwa msanawo mumadutsa paipi ya petulo, timapaipi ta waya wa kilatchi ndi wa akiseleta, ndiponso ndodo ya magiya. Tsegulani pamwamba poyamba kuti muzione, tulutsani ndodo, ndipo paipi ya petulo muiuzire ndi mpweya mpaka fungo lithe musanayatse moto. Ndodoyo ifupikitseni ndi muyeso womwewo, mutaika chizindikiro kuti isapotoke, chifukwa ikapotoka pang'ono giya yachiwiri mudzaisowa. Kapaipi ka kilatchi muwotcherere molimba, kakamasuka kilatchi imachita kudumphadumpha.

Polumikiza, gwirizitsani ndi madontho okha, yezani mopingasa kuchoka pangodya kupita pangodya inayo mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana ndiye wotchererani pang'onopang'ono, uku ndi uku mosinthana, kuti chitsulo chisakokeke. Roll bar, chitsulo chokutetezani galimoto ikagubuduka, ikhale ya paipi yochindikala yomangidwa ku chasisi, osati paipi ya madzi.

Che_Makaniko:
Za kudula anena bwino achimwenewo. Ine ndikambe za kutentha, poti ndi pomwe ambiri amaphera injinizi.

Injiniyi imazizira ndi mphepo ya fani komanso oyilo. Malata onse ozungulira masilinda, ngakhale tating'ono tapansi pakati pa masilinda tija, ndi amene amalondolera mphepo. Anthu amawachotsa kuti injini ioneke bwino kumbuyo, kenako hedi n'kupsa. Musachotse ngakhale limodzi. Pa injini zakale, zisanafike za mu 1971, chozizitsira oyilo chili m'kati mwa nyumba ya fani ndipo mphepo yofunda imagwera pa silinda yachitatu. N'chifukwa chake valavu ya ekizozi ya nambala 3 ndiyo imayamba kuduka. Mukapeza nyumba ya fani imene amati doghouse, yokhala ndi chozizitsira kunja, ikani imeneyo.

Mavalavu onse aikeni pa mamilimita 0.15, injini ili yozizira kwenikweni, m'mawa isanalizidwe. Valavu yothina siikhala bwino pampando wake, ndiye siitaya kutentha. Mpata wa mapointi a m'disitiribyuta ndi mamilimita 0.4. Taimingi isapitirire madigiri 30 kapena 32 injini ikamazungulira maulendo 3000 pa mphindi kupita m'tsogolo. Ngati ndi ya dual port, ya mabowo awiri olowera mpweya pa hedi iliyonse, yang'anani timalabala ta pa manifodi: tikang'ambika mpweya umalowa mwakuba, petulo amachepa m'chisakanizo, moto n'kukwera.

Oyilo ndi malita 2.5 okha, ndipo palibe fyuluta yeniyeni, ndi kasefa ka waya basi. Thirani 20W-50, ndipo ndi fumbi lathu lino musadikire makilomita 5000, sinthani msanga ndi kutsuka kasefako. Lamba wa fani mukamudina ndi chala pakati alowe ngati sentimita imodzi ndi theka, mumamukoka posuntha mawashala a pa pule. Getsi lofiira la jeneleta likayaka muli pamsewu, imani pomwepo, chifukwa fani ili pa shafti imodzi ndi jeneleta. Lamba akaduka mphepo yatha.

China, pa buggy kukamwa kwa fani kumakhala poyera. Jumbo imodzi yowuluka pamsika ikayamwidwa imakwana kutseka mphepo. Ikanipo sefa ya waya wa mabowo akuluakulu.

Matayala_M10:
Bambo Che Makaniko, zonsezo n'zoona, koma ngakhale injini yokonzedwa chonchi imapsabe ngati matayala akumbuyo akula mopitirira. Tayala lalitali limalemeretsa magiya, injini imayenda pansi, ndipo fani imene imatsatira liwiro la injini imachepetsa mphepo pa nthawi imene ntchito yachuluka. Pokwera ku Namwera musaikakamize pa giya yachinayi ikubuula. Bwererani pa yachitatu kapena yachiwiri izilira momasuka. Mukaima, gwirani dipstick, kandodo koyezera oyilo kaja: ngati siikugwirika ndi zala, dikirani izizire.

Mumchenga phwetsani matayala akumbuyo mpaka pafupifupi bar imodzi, ndipo pampu ikhale m'galimoto kuti mupope musanabwerere pa phula. Ngati giyabokosi yanu ndi ya swing axle, imene ma akiselo ake amapindikira pa giyabokosi pokha, musakweze kwambiri kumbuyo. Matayala amapendekera m'kati pansi, ndipo pa kona lakunja limapindikira pansi pa galimoto, zimene zimagubuduza. Bodi ya faibagalasi ndi yopepuka, choncho kumbuyo kumakwera kale kokha. Kutsogolo kumapepukanso kwambiri, ndiye thanki ya petulo ikhale komweko kuti chiwongolero chizigwira.

Sipanala17:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Yanga ndi ya mapaipi awiri kutsogolo, swing axle kumbuyo, koma nyumba ya fani ndi yakale ija. Kodi doghouse imalowa pa injini imeneyi popanda kusintha china?

Che_Makaniko:
Imalowa, koma musagule nyumba yokha. Pamafunika chozizitsira oyilo chake, kampando kake komangira pa buloko ndi timalabala toyenera, fani yake imene ndi yotakata kuposa yakale, ndi malata otulutsira mphepo yotentha ya chozizitsiracho. Mukaika fani yopyapyala m'nyumba ya doghouse mphepo imachepa kuposa poyamba.